Chifukwa chake filimu ya The Golden Compass inathera panjira

Filimu ya The Golden Compass, imene inatuluka mu Disembala 2007, imatha bwinobwino. Kamtsikana kotchedwa Lyra kapulumutsa mnzake Roger m'manja mwa anthu oba ana, awiriwo akwera chombo chouluka ndipo akulowera kumpoto kukafuna bambo ake a Lyra, a Lord Asriel. Lyra akulonjeza kuti zonse akazikonza akakafika. Nyimbo ikulira, mayina a osewera akukwera, anthu akunyamuka m'mipando. Amene sanawerenge buku lake anabwerera kwawo akuganiza kuti anawo akupita kwa munthu amene akawateteze.

Amene anawerenga anatsala kukamwa kuli yasa, poti ankadziwa chimene chikudikira kumpotoko. M'bukumo, Asriel ataona mwana wake pakhomo akunjenjemera ndi mantha, akumuthamangitsa kuti abwerere. Kenako akuona kuti kumbuyo kwake kuli kamnyamata kena, ndipo nkhope yake ikumasuka. Usiku womwewo akutenga Roger, akupita naye pamwamba pa phiri la madzi oundana, ndipo akugwiritsa ntchito moyo wa mwanayo kung'amba thambo kuti atsegule njira yopita kudziko lina. Roger akufa. Lyra, amene wayenda ulendo wonsewo kuti apulumutse mnzake, ndi amene wamubweretsa yekha kwa womupha. Zigawo zimenezi zinajambulidwa ndithu, Daniel Craig, amene anali Asriel, ndi Nicole Kidman anazisewera, ndipo tizidutswa take tinaonekera m'timakanema toitanira anthu. Koma kutatsala pang'ono kuti filimu ituluke, eni ake anazidula, n'kunena kuti adzayambira pomwepo filimu yachiwiri. Yachiwiriyo sinajambulidwe mpaka lero.

Kuti timvetse chimene chinachititsa kampani yaikulu kuwononga madola 180 miliyoni pa nkhani kenako n'kuidula mchira, tiyambe ndi buku lenilenilo. Analemba ndi Philip Pullman, Mngelezi wobadwa mu 1946, amene anakhalako ku Southern Rhodesia ali mwana chifukwa bambo ake anali woyendetsa ndege za nkhondo, ndipo pambuyo pake anakhala mphunzitsi ku Oxford. Bukuli linatuluka ku Britain mu 1995 ndi dzina lakuti Northern Lights. Ku America analipatsa dzina lakuti The Golden Compass. Linatsatidwa ndi The Subtle Knife mu 1997 ndi The Amber Spyglass mu 2000, ndipo atatuwa pamodzi amatchedwa His Dark Materials, mawu amene Pullman anawatenga m'ndakatulo ya John Milton yonena za kugwa kwa Adamu ndi Hava. Buku loyamba linapata mendulo ya Carnegie, ndipo lachitatu linakhala buku la ana loyamba kupambana mphoto yaikulu ya Whitbread, kuposa mabuku a akuluakulu.

M'dziko la Lyra munthu aliyense amayenda ndi mzimu wake kunja kwa thupi, uli m'maonekedwe a nyama imene imalankhula. Nyamayo amaitcha daemon. Ya mwana imasinthasintha, pano ndi gulugufe, pano ndi mphaka, pano ndi mbalame, koma mwana akatha msinkhu imakhazikika pa nyama imodzi mpaka imfa. Munthu ndi daemon wake sangatalikirane. Wina akapwetekedwa, mnzake amamva ululu. Pali kanthu kenanso kosaoneka ndi maso kamene amakatcha Fumbi, kamene kamaunjikana pa akuluakulu koma sikakhudza ana kwenikweni. Mpingo wa m'dziko limenelo, umene umalamulira chilichonse kuyambira sukulu mpaka kafukufuku wa sayansi, unagamula kuti Fumbili ndi tchimo lobadwa nalo, pogwira mawu a pa Genesis aja akuti ndiwe fumbi ndipo kufumbiko udzabwerera. Ndiye bungwe lina la mpingowo, lotsogozedwa ndi Mayi Coulter, likuba ana osauka, kupita nawo kumalo otchedwa Bolvangar, ndi kuwadula kuwalekanitsa ndi ma daemon awo asanathe msinkhu, kuti tchimo lisawapeze.

Pamenepa ndi pamene pali minga. Oipa a m'nkhaniyi ndi anthu a mpingo, ndipo akuchita zoipazo akukhulupirira ndi mtima wonse kuti akupulumutsa ana. Mabuku awiri otsatirawo amapitirira apo: Asriel akumemeza nkhondo yolimbana ndi kumwamba, ndipo amene anthu amamupembedza ngati Mlengi akupezeka kuti ndi mngelo wokalamba, wofooka, amene anangonama kuti ndiye analenga zonse. Ana awiri akumutulutsa m'bokosi lake la galasi pomumvera chisoni, iye n'kusungunuka mumphepo. Pullman sankabisa maganizo ake. Anauza nyuzipepala ya Washington Post mu 2001 kuti akufuna kugwedeza maziko a chikhulupiriro chachikhristu, ndipo mu 2003 anauza nyuzipepala ina ya ku Sydney kuti mabuku ake ndi onena za kupha Mulungu. Amenewa ndi mawu a munthu amene anakulira pafupi ndi agogo ake aamuna omwe anali wansembe wa Anglican, ndipo Baibulo amalidziwa kuposa ambiri mwa omutsutsa.

Chodabwitsa n'chakuti kwa zaka zoposa khumi mabukuwa anagulitsidwa mamiliyoni popanda phokoso lalikulu. Panali odandaula ndithu, koma panalinso akhristu otchuka amene anawakonda. Rowan Williams, ali mkulu wa ma Anglican ku Canterbury, ananena mu 2004 kuti mabukuwa angathandize pophunzitsa za chipembedzo m'sukulu, chifukwa chimene amalimbana nacho ndi chipembedzo chopondereza, chimene mkhristu woona ayeneranso kudana nacho. Nthawi yomweyo National Theatre ya ku London inali kuonetsa sewero la mabuku atatuwa, la maola pafupifupi asanu ndi limodzi, mpingo woipa uli momwemo, ndipo matikiti ankatha. Kumbukiraninso kuti mpingo wa m'bukumo si wa Katolika ndendende: Pullman analemba kuti John Calvin anakhala papa, anasamutsira likulu ku Geneva, ndipo atamwalira upapa unathetsedwa. Anasakaniza dala kuti aliyense apezepo pake. Koma dzina limene anaupatsa ulamuliro wa mpingowo, Magisterium, ndi mawu enieni amene Akatolika amatchulira udindo wophunzitsa wa papa ndi maepiskopi. Mawu amenewo anadzakhala msampha.

Buku ndi filimu zimasiyana pa ndalama. Wolemba buku amafuna pepala, cholembera ndi nthawi. Likakwiyitsa theka la anthu, theka linalo likhoza kulibweza ndalama zosindikizira. Filimu ya mtundu uwu siingakwanitse kukwiyitsa theka la anthu. Kampani ya New Line Cinema inagula ufulu wojambula mabukuwa mu 2002, itangolawa kukoma kwa The Lord of the Rings, mafilimu atatu amene anadzalowetsa pafupifupi madola 3 biliyoni. Inkafuna ng'ombe ina yamkaka. Mu 2005 filimu ya Narnia, yochokera m'buku la wolemba wachikhristu C. S. Lewis, inapeza madola oposa 700 miliyoni, ndipo mbali ina ya chipambano chake inali yakuti mipingo ya ku America inkalimbikitsa mabanja kukaonera. Tangoganizani tsono: msika umene ukufuna ndi wa mabanja opemphera pa nyengo ya Khrisimasi, koma katundu amene wagula ndi wa munthu amene amanena poyera kuti nkhani za Narnia zimamunyansa.

Ntchito yokonza inayenda mokhotakhota. Katswiri wa masewero Tom Stoppard analemba nkhani yoyamba ya filimu, koma inaikidwa pambali. Chris Weitz, amene ankadziwika ndi mafilimu oseketsa ndipo anali asanagwirepo ntchito yaikulu chonchi, anapatsidwa udindo wotsogolera, analemba yakeyake, kenako anatula pansi kumapeto kwa 2004 ponena kuti katunduyo wamulemera. Anand Tucker analowa m'malo, nayenso anachoka mu 2006 atasemphana ndi eni ndalama, ndipo Weitz anabwerera. Kale mu 2004 Weitz anali atauza okonda mabukuwa kuti kampani ikuopa kuti zachipembedzo zikasiyidwa momwe zilili filimuyo siingabweze ndalama. Chotero mawu akuti mpingo ndi Mulungu anachotsedwa. Magisterium inasanduka boma lankhanza chabe, la amuna ovala mikanjo yakuda amene amauza anthu zochita. Tchimo la Adamu ndi Hava linasanduka chiganizo chimodzi cha Mayi Coulter, chonena kuti makolo akale sanamvere wolamulira.

Kuchotsa mawu n'kosavuta. Vuto n'lakuti ukachotsa tchimo, Fumbi silikhalanso ndi tanthauzo, ndipo Fumbi likapanda tanthauzo woonera samvetsa chifukwa chimene anthu akuluakulu, ophunzira, akudulira ana. M'bukumo nkhanzazo zili ndi chifukwa chimene munthu wopemphera angachizindikire, n'chifukwa chake zimaopsa. M'filimu zimangokhala nkhanza za anthu oipa chifukwa ndi oipa. Kufewetsa kumeneku kunalowa paliponse. Kumayambiriro kwa buku, amene akuthira poizoni m'vinyo wa Asriel ndi mkulu wa koleji ya Jordan kumene Lyra wakulira, nkhalamba yabwino imene imakonda Lyra ndipo ikuchita zimenezi poganiza kuti ikuteteza mwanayo ndi koleji. M'filimu poizoniyo akuthira ndi nthumwi ya Magisterium, kuti woonera asavutike kusankha woti amude.

Chitsanzo chimene chimandiwawa ine ndi cha kamnyamata kotchedwa Tony Makarios. Lyra akukapeza m'kanyumba koumitsiramo nsomba, m'mudzi wina wa kumpoto, anthu a m'mudzimo akukaopa ngati mzukwa. Kadulidwa, kalibe daemon. Kakukumbatira kansomba kouma pachifuwa monga mmene kakanakumbatira daemon wake, ndipo chimene kakufunsa n'chimodzi: Ratter wanga ali kuti? Usiku womwewo kakumwalira. M'mawa Lyra akupeza kuti amuna amene ali nawo paulendo achotsa kansombako m'manja mwa mtembo n'kupatsa agalu, poganiza kuti mwanayo ankangodya. Lyra akuwakalipira amuna akuluakuluwo ngati ana, kenako akutenga ndalama yachitsulo, akuzokotapo dzina la Ratter ndi mpeni, n'kuiika m'kamwa mwa malemuyo. Owerenga ambiri akafunsidwa chimene amakumbukira m'bukuli amatchula pamenepa. M'filimu Tony mulibe. Malo ake anapatsidwa kwa mnyamata wina, Billy Costa, amene akubwezedwa kwa mayi ake ali moyo, ndipo nkhani ikuthamangira kwina.

Kuthamanga ndi vuto lina, ndipo ili silikhudza chipembedzo konse. Buku la masamba pafupifupi 400 linapanikizidwa m'mphindi 113. Pullman amakuponya m'dziko lake osakufotokozera kanthu. Umazindikira wekha pang'onopang'ono kuti daemon n'chiyani, ndipo chinsinsi cha Fumbi chimaululika kumapeto. Filimu ikuyamba ndi mawu a mayi wina akufotokoza zonsezi m'mphindi ziwiri zoyambirira, ngati mphunzitsi amene walemba mayankho pabolodi mayeso asanayambe. Eni ake anasinthanitsanso zigawo ziwiri zikuluzikulu: nkhondo ya zimbalangondo ku Svalbard inabwera patsogolo, kupulumutsa ana ku Bolvangar kunapita kumapeto, kuti filimu ithere pa chigonjetso. Ngakhale mawu a Iorek, chimbalangondo cholankhula chimene chimathandiza Lyra, anasinthidwa: Nonso Anozie anali atajambula kale, koma kampani inafuna dzina lodziwika, n'kuika Ian McKellen, amene anthu ankamudziwa ku The Lord of the Rings.

Tinene chilungamo, zabwino zinalimo. Dakota Blue Richards, amene anasankhidwa pakati pa atsikana pafupifupi 10,000 ndipo anali asanasewerepo filimu, anali Lyra weniweni, wamakani ndi wabodza lokoma. Nicole Kidman, ali Mayi Coulter, anaopsa mwaulemu wake. Zimbalangondo ndi ma daemon zinapangidwa mwaluso moti filimuyi inapata Oscar ya zithunzi zopangidwa pa kompyuta. (Afiti a m'nkhaniyi, kwa ife amene mawu akuti mfiti amatiumitsa thupi, ndi ena ndithu: ndi akazi okhala zaka mazanamazana, ouluka pa nthambi za paini, ndipo ambiri ali mbali ya mwanayo.)

Nanga kufewetsa kuja kunagula mtendere? Ayi. Mu Okutobala 2007, filimu isanatuluke, bungwe la Catholic League la ku America, lotsogozedwa ndi William Donohue, linapempha anthu kuti asakaonere, ndipo linafalitsa kabuku kochenjeza makolo. Mfundo yake inali yochenjera: iye anavomereza kuti filimuyo yafewetsedwa, koma anati kufewako ndiye nyambo. Makolo akaonera, aona kuti palibe choopsa, agulira ana mabuku atatu aja ngati mphatso ya Khrisimasi, ndipo mbedza ili m'buku lachitatu. Kunena kwina, chimene kampani inachita pofuna kudziteteza n'chimene chinasanduka mlandu. Uthenga wochenjeza unazungulira m'makalata a pa intaneti, ndipo masukulu ena achikatolika, monga a m'dera la Halton ku Canada, anachotsa mabukuwa m'malaibulale awo. Ofesi yoona za mafilimu ya maepiskopi a ku America inalemba ndemanga yoyamikira filimuyo, koma patangopita masiku ochepa ndemangayo inachotsedwa. Nyuzipepala ya ku Vatican, L'Osservatore Romano, inaidzudzula kuti ikuonetsa dziko lozizira, lopanda chiyembekezo. Kidman, amene ndi Mkatolika, ananena kuti sakanasewera akanaona kuti filimuyo ikunyoza mpingo wake, koma mawu ake sanazimitse moto.

Mbali inayo nayonso inali yokwiya. Bungwe la National Secular Society la ku Britain, limene Pullman ndi mmodzi wa olemekezeka ake, linati filimuyo yachotsedwa mtima chifukwa cha mantha. Okonda mabuku anadandaula za mathero. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo New Line inavumbwadi: opemphera anakhala kunyumba chifukwa cha zimene zili m'buku, owerenga anakhumudwa chifukwa cha zimene mulibe m'filimu.

Komabe amene amanena kuti mpingo ndi umene unapha filimuyi, monga ananenera Sam Elliott, mmodzi wa osewera, mu 2009, amanena theka la nkhani. Ku America inapeza madola pafupifupi 26 miliyoni kumapeto kwa sabata yoyamba ndi pafupifupi 70 miliyoni yonse pamodzi, zochepa kwambiri. Koma kunja kwa America inapeza pafupifupi 300 miliyoni, kuphatikizapo m'mayiko amene Akatolika ndi ochuluka, ndipo dziko lonse pamodzi inafika pa 372 miliyoni. Filimu yolowetsa ndalama zotere kawirikawiri imabala inzake. Chimene chinachitika n'chakuti New Line, pofuna kupeza ndalama zojambulira, inali itagulitsiratu ufulu woonetsa filimuyi kunja kwa makampani a m'mayikomo. Zili ngati mlimi amene wagulitsa chimanga chili m'munda kuti agule feteleza: chaka chikakhala chabwino, amene amasangalala ndi wogula uja. Phindu lalikulu la kunja linapita m'matumba a ena, ndipo msika umodzi umene kampani inadzisungira ndi umene unakana. Onjezanipo kuti eni maholo a kanema amatenga gawo lalikulu la ndalama za matikiti, kuti otsutsa mafilimu m'manyuzipepala sanaikonde kwenikweni, ndi kuti sabata yotsatira kunatuluka I Am Legend ya Will Smith imene inakokera anthu kwina. Mu Febuluwale 2008 kampani ya Time Warner inalowetsa New Line pansi pa Warner Bros., ndipo akuluakulu ake awiri, Bob Shaye ndi Michael Lynne, anachoka. Chaka chomwecho chuma cha dziko lonse chinagwedezeka, ndipo nkhani ya filimu yachiwiri inazilala. Weitz anadzanena pambuyo pake kuti filimuyi ndi chinthu chimene amanong'oneza nacho bondo kwambiri pa ntchito yake yonse, poti imene inatuluka si imene iye anajambula.

Ine ndimaona kuti ngakhale ikanapindula, msampha unali kutsogolo. Buku loyamba ungalibise nkhope n'kulionetsa ngati ulendo wa kamtsikana ndi chimbalangondo. Lachitatu ulibisa bwanji, pamene nkhani yake yonse ndi nkhondo ya kumwamba, angelo opanduka, dziko la akufa, ndi mwana amene mpingo ukufuna kumupha chifukwa ndi Hava wachiwiri? Kampani inagula mabuku atatu ikudziwa kumene akupita, n'kumayembekeza kuti njira idzapezeka ikadzafika pamenepo.

Njira inapezeka kwina. Mu Novembala 2019 BBC ndi HBO anayamba kuonetsa His Dark Materials pa wailesi yakanema, yojambulidwa ndi kampani ya Bad Wolf ku Cardiff, yolembedwa ndi Jack Thorne, Dafne Keen ali Lyra, Ruth Wilson ali Mayi Coulter, James McAvoy ali Asriel. Inatha mu 2022 itakwanitsa mabuku onse atatu m'zigawo 23. Buku loyamba lokha linapatsidwa maola pafupifupi asanu ndi atatu. Ansembe anaoneka ngati ansembe, tchimo linatchedwa tchimo, ndipo mwana wodulidwa uja anafadi. Nayonso inali ndi chilema chake, ndipo chinali cha ndalama: kupanga nyama yolankhula pa kompyuta n'kodula, moti m'zigawo zambiri khamu la anthu limaoneka lopanda ma daemon, chinthu chimene m'dziko la Lyra chikanakhala ngati kuona anthu akuyenda opanda mitu. Owerenga anadandaula, ndipo anali ndi mfundo, chifukwa ngati suzolowera kuona aliyense ali ndi nyama yake, mwana wopanda nyama sakudzidzimutsa.

Koma phokoso lija la 2007 silinabwerenso pamlingo umene linafika. Wailesi yakanema ya mtundu uwu siidalira kuti mabanja a dziko lonse atuluke m'nyumba sabata imodzi yomweyo kukagula matikiti; BBC imayendera ndalama za laisensi, HBO imayendera olembetsa mwezi ndi mwezi amene anazolowera kale nkhani zolimba. Panalibe sabata yoyamba yoti munthu aiwononge pouza anthu kuti akhale kunyumba. Ndipo mwa makampani amene mayina awo amaoneka kumapeto kwa chigawo chilichonse muli New Line yomweyo, imene inali idakasunga ufulu wa mabukuwa. Chigawo chachisanu ndi chitatu chinaonetsedwa pa BBC One Lamulungu madzulo, pa 22 Disembala 2019, kutatsala masiku atatu kuti Khrisimasi ifike. Asriel akulowetsa Roger m'khola lachitsulo pamwamba pa phiri, daemon wake m'khola lina pambali, mpeni ukutsika pakati pawo, ndipo Lyra akufika mochedwa.